Phunziro 17: Thumba Loyenda Lopanda Mwini Wake

Mwezi wa Meyi ukafika ife a ku Tsangano ndi ku Macanga timakhala pa ntchito yokolola. Chimanga chili m'mikukwe, nyemba zili pamphasa, mtedza uli padzuwa. Pambuyo pake pamabwera funso lovuta: kodi zokololazi tigulitsa kuti, ndipo tigulitsa bwanji?

M'phunziro lino tiphunzira kukonza katundu wopita ku nyumba yaikulu yosungiramo zokolola. Katundu wotere amayenda yekha, mwini wake atatsala kumudzi. Wogula sationa ife, ndipo kawirikawiri saliona ngakhale thumba lenilenilo. Iye amangoona zilembo ndi manambala. Tsono thumba liyenera kudziyankhulira lokha. Nchifukwa chake phunziro lino ndi la ulimi, komanso la kuwerenga, kulemba ndi masamu.

MALONDA A DZULO NDI A LERO

Tonse tikuwadziwa malonda a pamsika. Timakweza thumba panjinga kapena pangolo, tikafika timamasula. Wogula amapisamo dzanja, amaluma njere, timanenerera mtengo, ndalama n'kulowa m'manja. Pa malonda otere pakamwa ndipo pamagwira ntchito.

Koma pali ogula ena amene sabwera pamsika. Akuluakulu akukumbukira AGRICOM, kampani ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1981 kuti izigula zokolola kwa alimi. Mu 1994 ntchito yake inapita ku Instituto de Cereais de Moçambique. Mu 2008 bungwe la World Food Programme linayamba njira yogulira chakudya kwa magulu a alimi ang'onoang'ono m'maiko angapo, ndipo dziko lathu linali limodzi mwa maikowo. Ogula otere amafuna katundu wambiri nthawi imodzi, wouma, wosankhidwa bwino, wa muyezo umodzi.

Kenaka kunabwera misika ya pa intaneti. Intaneti ndi njira imene mafoni ndi makompyuta amatumizirana uthenga ngakhale atatalikirana. Kwa anansi athu ku Malawi, msika wa zokolola wotchedwa Agricultural Commodity Exchange for Africa unakhazikitsidwa mu 2004, ndipo mu 2011 unayamba kupereka malisiti kwa alimi osungitsa mbewu m'nyumba zake. Kuno kwathu boma linakhazikitsa Bolsa de Mercadorias de Moçambique mu 2012, cholinga chake chili chomwecho.

Njira yake imayenda motere. Mlimi kapena gulu la alimi limapereka matumba ku nyumba yosungiramo zokolola. Kumeneko amayeza kulemera kwake, amaona kuuma kwake, nalemba zonse pa lisiti ndi mu kompyuta. Wogula ali ku Tete, ku Beira kapena ku Lilongwe amawerenga kuti kuli chimanga chakuti, makilo akuti. Akagula, amakatenga katunduyo ku nyumba ija, ndalama n'kupita kwa mwini wake.

Malonda otere ali m'dziko lonse lapansi. Ku America kampani ya Amazon inayamba mu 2006 kulandira katundu wa amalonda ena m'nyumba zake, kumusunga ndi kumutumiza kwa ogula. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, kampani ya Takealot imachita chimodzimodzi ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Kumeneko chinthu chilichonse chimamatidwa kapepala ka timizere takuda, tofanana ndi timene timaona pa paketi ya shuga, ndipo makina amawerenga timizereto. Wogulitsa amalemberatu zimene zili m'katoni iliyonse asanatumize. Katoni yosalembedwa bwino imachedwa kulandiridwa kapena imabwezedwa. Iwo amatumiza nsapato ndi mawailesi, ife timatumiza chimanga ndi nyemba, koma lamulo ndi limodzi: zimene zalembedwa kunja zifanane ndi zimene zili mkati.

Anzathu olima fodya ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo akulidziwa kale lamulo limeneli. Iwo amasankha masamba malinga ndi magiredi, amachotsa nthenga ndi tizingwe tapulasitiki, amadinda mabelo, ndipo belo lililonse limadziwika mwini wake. Nzeru yomweyo tiitengere ku mbewu za chakudya. Pali ntchito zisanu.

NTCHITO YOYAMBA: KUUMITSA

Njere iliyonse ili ndi madzi mkati mwake. Madziwo timawatcha chinyontho. Chimanga chosungidwa chiyenera kukhala ndi chinyontho chosaposa magawo 13 pa 100. Chikaposa pamenepo chimatentha m'thumba, chimachita chuku, ndipo anankafumbwe amaswana msanga.

Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso ndipo satha pophika. Amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya chimanga choterechi. Tsono wolandira katundu akakana thumba lachinyontho tisamuone ngati mdani. Iye akuteteza matumba a alimi ena amene ali m'nyumbamo. Akulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola.

Tiyanike mbewu pamphasa, palona kapena pathandala, osati padothi. Tizitembenuza kawirikawiri. Madzulo tizilowetsa kapena kufunditsa, chifukwa kuno kumapiri mame ndi nkhungu za mwezi wa Juni ndi Julaye zimabwezera chinyontho m'mbewu.

Nanga tidziwa bwanji kuti chauma? Kuluma njere kumathandiza: youma imalira kuti phwa, yosauma imangophwanyika mwakachetechete. Njira ina ndi ya mchere. Titenge botolo lagalasi louma bwino, tithiremo chimanga kufika gawo limodzi mwa magawo atatu. Tionjezemo masipuni awiri a mchere umene tayamba taumitsa padzuwa. Titseke, tikhutchumule kwa mphindi imodzi, tidikire mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi ambiri. Ukapanda kumatirira, chatsala pang'ono kufika pa muyezo: tiyanikenso tsiku limodzi kapena awiri.

Ena amaganiza kuti chimanga chosauma chimapindulitsa chifukwa chimalemera pasikelo. Tiyeni tione. Makilo 100 a chimanga cha chinyontho cha magawo 18 akauma kufika magawo 13 amatsala makilo 94. Makilo 6 aja anali madzi. Ku nyumba yosungiramo zokolola kuli kamakina koyezera chinyontho, ndipo madziwo amachotsedwa pa lisiti. Mlimi amakhala atalipira galimoto kuti imunyamulire madzi.

NTCHITO YACHIWIRI: KUPETA NDI KUSANKHA

Tikamaliza kutong'ola kapena kumenya, tipete ndi lichero mpaka gaga, fumbi ndi zitsononkho zichoke. Kenaka tikhale pansi tisankhe ndi manja. Tichotse miyala, njere zowola, zofumbwa, zosweka ndi zosintha mtundu. Zowolazo tisadye, tisaphikire mowa, ndiponso tisapatse nkhuku kapena nkhumba, pakuti poizoni uja amawononganso ziweto.

Mtundu umodzi ukhale m'thumba lakelake. Chimanga choyera chisasakanizidwe ndi chachikasu. Nyemba zofiira zikhale pazokha, zamawangamawanga pazokha. Chokolola cha chaka chatha chisalowe m'thumba la chaka chino.

Pali chizolowezi choika mbewu yabwino pamwamba, yoipa pansi. Pamsika mwina wogula wofulumira sangaone. Ku nyumba yosungiramo zokolola amabaya thumba ndi kachitsulo kosongoka kokhala ndi mphako, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kutulutsa njere. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Thumba limodzi likapezeka lotere, matumba onse a gulu amakayikiridwa, ndipo dzina la mudzi limaipa kwa ogula amene sitinawaonepo.

NTCHITO YACHITATU: THUMBA NDI SIKELO

Thumba likhale latsopano, kapena lochapidwa ndi kuumitsidwa bwino, lopanda zibowo. Thumba limene munali feteleza kapena mankhwala lisalandire chakudya. Mankhwala a fodya, a thonje kapena a tomato tisathire m'chimanga ngakhale pang'ono. Ngakhale mankhwala oyenera oteteza mbewu, tiyambe tafunsa eni nyumba yosungira tisanathire, chifukwa ambiri amafukiza okha.

Pa mbewu yotsala pakhomo pali matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amene anakonzedwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba loluka kunja. Tikamanga bwino, anankafumbwe amafa posowa mpweya popanda mankhwala. Koma thumba lotere likabayidwa mphamvu yake yatha. Choncho pa katundu wopita kokayezedwa tifunse kaye mtundu wa thumba umene akufuna.

Ife tinazolowera kuyeza ndi ndowa, imene ena amaitcha lata. Ndowa zimasiyana: ina yophwanyika, ina yotambasuka pansi, ina yodzazidwa mpaka kusefukira. Msika wa pa intaneti sudziwa ndowa, umadziwa makilo. Muyezo wofala ndi makilo 50 pa thumba lililonse. Makilo 1,000 ndiwo tani imodzi, ndiye kuti matumba 20.

Tisanayambe kuyeza, tiyese sikelo yomweyo. Ikakhala yopanda kanthu, muvi uloze pa 0. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Tsono tipachike chigubu chopanda kanthu, tilembe kulemera kwake. Tithiremo malita 20 a madzi, tipachikenso. Sikelo yabwino ionjezera makilo 20. Ikaonetsa 18 kapena 22, tifune ina.

Tikayeza, tisoke pakamwa pa thumba ndi chingwe cholimba, tisiye makutu awiri ogwirira. Podikira galimoto matumba akhale pa mitengo kapena pa kathandala, atalikirane ndi khoma, pansi pa denga losadontha.

NTCHITO YACHINAYI: KULEMBA

Apa ndi pamene sukulu yathu ikuonetsa phindu lake. Matumba 300 akasanjidwa pamodzi onse amafanana. Thumba losalembedwa lilibe mwini.

Pa thumba lililonse tilembe ndi zilembo zazikulu, ndi inki yosafufutika ndi madzi:

Dzina la mwini
Mudzi ndi boma
Dzina la gulu
Mtundu wa mbewu
Makilo
Tsiku losokera
Nambala ya thumba

Nambala ya thumba tiilembe chonchi: 7/40. Kutanthauza kuti ili ndi thumba lachisanu ndi chiwiri mwa matumba 40. Limodzi likasowa tidziwa kuti lasowa ndi liti. Tilembenso mawu omwewo pa kapepala, tiike mkati tisanasoke. Zakunja zikafufutika, zamkati zidzatichitira umboni.

Dzina tilembe monga lilili pa chitupa chathu, Bilhete de Identidade. Ambiri tili ndi maina awiri kapena atatu: la paubwana, la kutchalitchi ndi la mwana wathu woyamba. Kompyuta siidziwa kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi. Dzina la pa lisiti likasiyana ndi la pa chitupa, ndalama zimachedwa.

Masiku ano malipiro ambiri amabwera pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Nambala ya foni tiilembe modekha, wina aiwerenge mokweza, mwini wake avomere. Nambala imodzi ikalakwika, thukuta la chaka chonse lingapite kwa munthu wosamudziwa.

Mapepala a boma ndi a makampani kuno kwathu amalembedwa m'Chipwitikizi. Tiphunzire mawu awa kuti tiziwazindikira:

nome: dzina
data: tsiku
milho: chimanga
feijão: nyemba
peso: kulemera
quantidade: kuchuluka
humidade: chinyontho
preço: mtengo
assinatura: posayina

NTCHITO YACHISANU: KUPAKIRA NDI KALATA YA KATUNDU

Mutu umodzi susenza denga. Mlimi wa matumba 5 sangathe kulipira lole yekha, koma alimi 20 angathe. Gulu likhale ndi kope limodzi. Mlembi alembemo dzina la aliyense, matumba ake ndi makilo ake, ndipo mwini wake asayine.

Tisanaitane galimoto, titumize uthenga ku nyumba yosungira: tikubwera tsiku lakuti, ndi mbewu yakuti, matumba akuti. Tifunsenso ngati malo alipo, mitengo yosungira, ndi makalata amene akufunika panjira. Lole yofika mosayembekezeka ingagone panja, mwini wake akuwerengera masiku.

Kuchoka ku Tsangano kapena ku Furancungo kufika mumzinda wa Tete ndi ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo mbali ina ndi msewu wafumbi. Tione kuti pansi pa lole ndi posesedwa, palibe mafuta, misomali kapena zotsalira za feteleza. Lona lofunditsira likhalepo. Popakira anthu awiri awerenge matumba, wina wa gulu, wina wa galimoto.

Kenaka tilembe kalata ya katundu, imene m'Chipwitikizi amati guia de remessa. Ikhale ndi tsiku, kochokera, kopita, mtundu wa mbewu, chiwerengero cha matumba, makilo onse, nambala ya galimoto ndi dzina la dalaivala. Tilembe zitatu zofanana: ina itsale m'kope la gulu, ina ipite ndi dalaivala, ina ikaperekedwe kwa wolandira. Mmodzi wa ife wodziwa kuwerenga apite ndi katunduyo, akaime pafupi ndi sikelo, aone manambala ndi maso ake.

Mawu awiri kwa olima mbatata ya kachewere, imene Tsangano amatchuka nayo. Mbatata siumitsidwa ngati chimanga ndipo sikhalitsa. Imafuna thumba lolowa mpweya ndi malo amthunzi. Tichotse zotemeka ndi khasu, zowola ndi zobiriwira. Zazikulu zikhale pazokha, zazing'ono pazokha. Koma kuyeza, kulemba ndi kalata ya katundu n'chimodzimodzi.

LISITI NDI CHUMA

Katundu akalandiridwa timapatsidwa lisiti. Tisasayine tisanaliwerenge. Tione dzina, mbewu, makilo, chinyontho ndi giredi, tifananitse ndi kalata yathu. Pakakhala kusiyana tifunse pomwepo, katundu akadali pamaso pathu. Mawa matumba adzakhala atasanjidwa pamodzi ndi a anthu ena.

Lisitilo likuimira matumba athu. Kumene njira imeneyi ikuyenda, ena amatengera ngongole lisiti lotere pamene akudikira mtengo wabwino. Tilisunge m'pulasitiki, kutali ndi moto, chiswe ndi ana. Amene ali ndi foni yojambula alijambule.

Kodi kusungitsa kumapindulitsa nthawi zonse? Ayi. Zaka zambiri mtengo wa chimanga umatsika pa nthawi yokolola, n'kukwera miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale. Koma galimoto, matumba ndi malo osungira zonse zimadya ndalama. Chaka chimene aliyense wakolola zambiri, mtengo sukwera kwenikweni. Tiyenera kuwerengera tisanatumize. Ndipo choyamba tipatule chakudya cha banja chokwanira mpaka zokolola zina.

TIYENI TIWERENGE

Thumba langa ndi louma.
Thumba langa lili ndi dzina.
Ndayeza makilo 50.
Amayi alemba nambala.
Abambo awerenga lisiti.
Sitisayina tisanawerenge.

TIYENI TILEMBE

Malizitsani mawu awa m'makope mwanu:

thu _ _ _
sike _ _
chi _ _ nga
li _ _ ti
nye _ _ _

Jambulani thumba lalikulu. Lembanimo dzina lanu monga lilili pa chitupa, mudzi wanu, mbewu imene mwakolola yambiri chaka chino, ndi tsiku la lero.

MASAMU

Mitengo ili m'munsiyi ndi yongophunzirira. Ya chaka chino tikaifunse pamsika.

1. Gulu lili ndi matumba 40 a makilo 50. Makilo onse ndi angati? Matani ndi angati?

2. Pa nthawi yokolola kilo imodzi ikugulidwa mametikali 12. Gulu likagulitsa lero makilo 2,000 lilandira zingati?

3. Gulu lasankha kusungitsa miyezi 5. Matumba atsopano ndi mametikali 30 limodzi. Galimoto ndi mametikali 60 pa thumba. Kusungira ndi mametikali 20 pa thumba pa mwezi. Zonse pamodzi zikwana zingati?

4. Patapita miyezi 5 mtengo wafika mametikali 18 pa kilo. Tikachotsa zolipira zija, gulu litsala ndi zingati? Lapindula kapena laluza poyerekeza ndi kugulitsa pa nthawi yokolola?

5. Nanga mtengo ukangofika mametikali 15 pa kilo, zikhala bwanji?

Mayankho: 1. Makilo 2,000, matani 2. 2. Mametikali 24,000. 3. Matumba 1,200, galimoto 2,400, kusungira 4,000, zonse 7,600. 4. Pa 36,000 tichotse 7,600, patsala 28,400, ndipo phindu ndi 4,400. 5. Pa 30,000 tichotse 7,600, patsala 22,400, ndipo gulu laluza 1,600.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi malonda a pamsika akusiyana bwanji ndi malonda a pa intaneti?
2. Chifukwa chiyani wolandira katundu amabaya thumba malo atatu?
3. Mmodzi wa gulu wabweretsa chimanga chosauma, ndipo ndi mbale wa amfumu. Lole ifika mawa. Gulu lichite chiyani?
4. M'mabanja ambiri amayi ndiwo amapeta ndi kusankha mbewu. Kodi pa thumba ndi pa lisiti palembedwe dzina la yani?
5. M'mudzi mwathu ndani ali ndi sikelo? Kodi inayesedwa liti?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Aliyense atape chimanga kapena nyemba zodzaza manja awiri m'nkhokwe mwake. Asankhe njere zabwino ndi zoipa, aziwerenge, alembe manambala awiriwo m'kope. Tikakumananso aliyense abwere ndi botolo louma, mchere pang'ono, chitupa chake ndi thumba limodzi lopanda kanthu. Tidzayesa kuuma kwa mbewu zathu, ndipo aliyense adzalemba thumba lake ndi dzanja lake.